Ufa Wofanana ndi Fupa Wonyamula Mankhwala Ovuta Kusungunuka

Mankhwala amene munthu wameza sayamba kugwira ntchito asanasungunuke. Piritsi likafika m'mimba liyenera kuphwanyika, ufa wake usungunuke m'madzi a m'mimba ndi a m'matumbo, kenako ulowe m'magazi, ndipo magaziwo aufikitse pamene pali matenda. Gawo limene lakana kusungunuka limangodutsa n'kutuluka ndi chimbudzi, ngakhale litakhala lamphamvu chotani popha tizilombo mu labotale. Akatswiri opanga mankhwala amati pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a mankhwala amene ali pamsika sasungunuka bwino m'madzi, ndipo pa mankhwala atsopano amene akufufuzidwa chiwerengerocho n'chokulirapo. Mu 1995 Gordon Amidon ndi anzake ku America anagawa mankhwala akumwa m'magulu anayi potengera mmene amasungunukira komanso mmene amadutsira khoma la matumbo, ndipo gulu lachiwiri ndi lachinayi ndiwo a mankhwala ovuta kusungunuka. Nkhani ino ikunena za ufa wotchedwa hydroxyapatite, wofanana ndi mchere wa m'fupa, umene ofufuza akuuyesa kuti uzinyamula mankhwala otere.

M'magulu awiriwa muli mankhwala opha mabakiteriya amene zipatala zathu zimadalira kwambiri. Muli rifampicin, amene odwala chifuwa chachikulu amamudziwa chifukwa amafiiritsa mkodzo. Muli clofazimine wa khate ndi wa TB yosamva mankhwala, bedaquiline amene anavomerezedwa koyamba mu 2012, clarithromycin, komanso ciprofloxacin, amene amasungunuka bwino m'madzi a asidi koma amavuta m'madzi opanda asidi ngati a m'magazi. N'chifukwa chake wodwala amene akumwa bedaquiline amauzidwa kuti azimwa atadya, popeza chakudya chimathandiza mankhwalawo kulowa m'thupi.

Vutoli limakula kwambiri matenda akakhala m'fupa. Madokotala amawatcha osteomyelitis, ndipo m'zipatala za ku Mulanje ndi Thyolo, monganso m'maboma ena, si matenda achilendo. Mwana amayamba ndi kutentha thupi ndi kupweteka kwa mwendo pansi pa bondo, ndipo kunyumba amaganiza kuti ndi malungo kapena anadzipweteka posewera. Pakapita masiku mwendo umatupa, mafinya amasonkhana pakati pa fupa ndi kachikopa kolikuta, n'kufinya timitsempha timene timadyetsa fupalo, mpaka chidutswa china cha fupa chimafa. Pakatha miyezi pamwendopo pamaboka kachilonda kotulutsa mafinya, kamene kamapola n'kutsegukanso, nthawi zina kumatuluka tizidutswa ta fupa. Kwa akuluakulu matendawa amabwera kawirikawiri fupa likathyoka n'kuboola khungu, monga zimachitikira pa ngozi za njinga zamoto za kabaza pamsewu wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi Luchenza mpaka ku Muloza. Matendawa ndi ofala pakati pa ana moti madokotala a pachipatala cha Beit CURE ku Blantyre anakonza njira yawo yowagawira m'magulu potengera zithunzi za ekiselo, ndipo njirayo imadziwika ndi dzina la chipatalacho.

Fupa lakufa silifika magazi, ndipo kumene magazi safika mankhwala akumwa kapena a dilipi safikanso. Bakiteriya amene amayambitsa matendawa kawirikawiri, Staphylococcus aureus, amamatirira pafupa lakufalo n'kudzikuta ndi utoto wonanda wotchedwa biofilm, ndipo ali m'menemo amapirira mankhwala ochuluka kwambiri kuposa amene angamuphe ali payekha m'madzi. Ena mwa mabakiteriyawa amalowa m'kati mwa maselo omanga fupa n'kubisala momwemo. Dokotala akafuna kuti mankhwala okwanira afike pamalopo amakakamizika kupereka mlingo waukulu kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, nthawi zina kupitirira, ndipo amene amalipira mtengo wake ndi impso, chiwindi ndi makutu a wodwalayo. Apa ndi pamene panabadwira maganizo oika mankhwala m'fupa momwemo, atanyamulidwa ndi chinthu chimene thupi silingachione ngati chachilendo.

Chinthucho ndi hydroxyapatite. Uwu ndi mchere wolimba wa kashiamu ndi fosifeti, ndipo ndi umene umalimbitsa mafupa ndi mano. Pa kulemera kwa fupa, magawo apakati pa 60 ndi 70 pa 100 alionse ndi mchere umenewu, pamene m'chikuto choyera cha dzino umafika magawo 96. M'mcherewu maatomu 10 a kashiamu amayendera limodzi ndi maatomu 6 a fosiforasi, n'chifukwa chake opanga amayesetsa kuti muyezo wa kashiamu pa fosiforasi ukhale 1.67. Mtundu wa miyala umene mcherewu ulimo umatchedwa apatite, ndipo si wakutali ndi kwathu kuno: ku Tundulu m'boma la Phalombe, limene kale linali mbali ya Mulanje, kuli miyala ya apatite imene imadziwika chifukwa cha fosifeti wothandiza m'minda. Wa ku Tundulu ali ndi zinthu zina zambiri zosakanikirana naye ndipo sangaikidwe m'thupi la munthu, koma ndi wa banja limodzi ndi wa m'mafupa athu.

M'fupa lamoyo mcherewu sukhala chimwala chimodzi. Umakhala timapale ting'onoting'ono kwambiri, totalika mananomita makumi angapo ndi tochindikala mananomita ochepa chabe, toyalidwa pakati pa ulusi wa puloteni wotchedwa collagen. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a mita, ndipo tsitsi limodzi la munthu limachindikala pafupifupi mananomita 80,000. Akatswiri akamanena za zinthu za nano zofanana ndi fupa amatanthauza ufa wa hydroxyapatite wopangidwa mu labotale umene tizidutswa take timachepera mananomita 100, n'kumafanana ndi ta m'fupa pa kukula, pa maonekedwe, ngakhale pa kusakanikirana ndi carbonate kapena magnesium pang'ono.

Kapangidwe kake sikovuta kukamvetsa. Wopanga amathira laimu woyeretsedwa bwino m'madzi n'kumatakasa, kenako amadontheza asidi wa fosiforasi pang'onopang'ono, dontho ndi dontho, akuonetsetsa kuti madziwo asakhale a asidi, popeza muyezo wa pH, umene umatsika asidi akachuluka, ukatsika pamapangika mchere wina wa kashiamu umene sakuufuna. Madziwo amayera mbee chifukwa cha tizidutswa timene tikupangika. Amawasiya usiku wonse, m'mawa n'kusefa, kutsuka ndi kuumitsa ufawo. Kutentha kumene wagwiritsa ntchito ndi kumene kumalamula zotsatira: akapangira pozizira tizidutswa timakhala tating'ono ndi tosavuta kusungunuka, pamene akaotcha ufawo pamoto waukulu timakula, kuphatikana ndi kulimba, moti thupi limatenga zaka kuti liuchotse. Akafuna ufa wa timabowo tambiri amathira mankhwala ofanana ndi sopo popanga, ndipo akadzawachotsa pamatsala timabowo ta mananomita apakati pa 2 ndi 50.

Nanga ufa wotere umathandiza bwanji mankhwala okana madzi? Choyamba ndi kukula kwa malo okhudzana ndi madzi. Mu 1897 Arthur Noyes ndi Willis Whitney anafufuza liwiro limene chinthu chimasungunukira, ndipo ofufuza owatsatira anaonetsa kuti liwirolo limadalira kukula kwa mbali yake imene ikukhudza madzi. M'mafakitale a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje masamba amadulidwa ndi kuperedwa kukhala timibulu ting'onoting'ono, ndipo aliyense wophika tiyi amadziwa kuti timibuluti timatulutsa mtundu msanga kuposa tsamba lathunthu. Masamu ake ndi odabwitsa. Kachidutswa ka mbali zisanu ndi imodzi zofanana, kotalika sentimita imodzi mbali iliyonse, kali ndi nkhope ya masikweya sentimita 6. Kachidutswa komweko kakagawidwa m'tizidutswa ta mananomita 10, nkhope zonse pamodzi zimakwana masikweya mita 600, kulemera kwake osasintha. Mankhwala akayalidwa mopyapyala pamalo aakulu chotere, madzi a m'thupi amawafikira mbali zonse nthawi imodzi, ndipo popeza hydroxyapatite amanyowa mosavuta, amakokera madziwo pafupi ndi mankhwala amene paokha akanangoyandama.

Chachiwiri ndi chozama kuposa apa, ndipo ndi chimene chimachititsa kuti timabowo tija tikhale tofunika. Mankhwala ambiri ovuta kusungunuka amavuta chifukwa mamolekyu ake, timagawo ting'onoting'ono timene timapanga mankhwalawo, amakhala atandandalikana mwadongosolo n'kugwirana mwamphamvu m'timibulu tolimba totchedwa makristalo, ndipo madzi amafunika mphamvu yambiri kuti awalekanitse. Wofufuza amasungunula mankhwalawo mu ethanol kapena acetone, n'kuviika ufa wa hydroxyapatite m'menemo kuti ayamwe, kenako amaumitsa. Mamolekyu amene atsala m'kabowo ka mananomita ochepa amasowa malo oti n'kutandandalikana, choncho amauma ali balalabalala, osagwirana mwamphamvu. Madzi akalowa m'kabowomo amawanyamula mosavuta, ndipo kwa kanthawi mankhwala osungunuka amachuluka kuposa mmene akanachulukira akanakhala makristalo. Khoma la kabowo limawatetezanso kuti asabwerere ku makristalo ali m'botolo kudikira wodwala, limene ndi vuto lalikulu la mankhwala opangidwa motere, makamaka kumalo achinyontho ngati kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje.

Chachitatu ndi kugwirana kwa kashiamu ndi mankhwala, ndipo pamenepa ndi pagona nkhani yonse. Pankhope ya hydroxyapatite pali malo a kashiamu ndi malo a fosifeti, amene ali ndi mphamvu zamagetsi zosiyana, moti amakoka mbali zosiyana za mamolekyu a mankhwala. Madokotala anazidziwa izi kalekale kudzera mwa tetracycline. Mankhwala amenewa amagwirana ndi kashiamu mwamphamvu moti akaperekedwa kwa mwana amene mano ake akupangika amakalowa m'manomo n'kuwadetsa mpaka kalekale, n'chifukwa chake sapatsidwa kwa ana osakwana zaka 8 ndi kwa amayi oyembekezera. Zimene zinali chilema cha mankhwalawo ndi zomwenso zimaonetsa kuti mchere wa m'fupa ungathe kusunga mankhwala. Ofufuza a ku yunivesite ya Lund ku Sweden anapita patsogolo, poonetsa pa makoswe kuti hydroxyapatite woikidwa m'thupi amakoka rifampicin woperekedwa kudzera m'magazi n'kumuunjika pamalo pomwepo. Mankhwala amene sagwirana okha ndi kashiamu amafuna mkhalapakati, ndipo apa ofufuza amakuta ufawo ndi mafuta ena, ndi chitosan wochokera ku zigoba za nkhanu, ndi mtundu wa shuga wotchedwa cyclodextrin, kapena ndi pulasitiki wosungunuka m'thupi wotchedwa PLGA. Ena amalowetsa siliva kapena zinki pang'ono m'malo mwa kashiamu, kuti ufawo pawokha uzilimbana ndi mabakiteriya.

Ubwino wina umene mchere umenewu uli nawo ndi woti umamva asidi. M'magazi, momwe pH ndi 7.4, hydroxyapatite sasungunuka kwenikweni, koma pH ikatsika kufika cha m'ma 5.5 amayamba kusungunuka, ndipo ndi mmene mano amabookera mabakiteriya a m'kamwa akasandutsa shuga kukhala asidi. Pamalo pamene pali mafinya pamakhala asidi wochulukirapo kuposa m'thupi lathanzi, choncho ufawo umamasula mankhwala mofulumira pamene matenda akula. Tizidutswa timene tamezedwa ndi maselo oteteza thupi timakafika m'timatumba ta m'kati mwa maselowo momwe pH imatsika kufika pakati pa 4.5 ndi 5, ndipo m'menemo timasungunuka n'kutaya katundu wake. Izi n'zofunika pa TB, kuphatikizapo TB ya msana imene Percivall Pott anaifotokoza mu 1779, chifukwa bakiteriya wake amabisala m'maselo omwewo. Mankhwala akatha, chotsala ndi kashiamu ndi fosifeti, zimene maselo ogumula fupa amachotsa ndipo omanga fupa amamangapo fupa latsopano.

Kuti tione phindu la mfundo yomalizayi tiyenera kukumbukira zimene zinalipo kale. Mu 1970 Buchholz ndi Engelbrecht ku Germany anayamba kusakaniza mankhwala opha mabakiteriya mu simenti ya mafupa, imene ndi pulasitiki wotchedwa PMMA, ndipo m'zaka zotsatira Klaus Klemm anaumba simentiyo kukhala mikanda yokhala ndi mankhwala a gentamicin yoika m'fupa lodwala. Njirayi ikugwirabe ntchito mpaka lero. Koma simentiyo imatentha ikamauma, moti imalola mankhwala okhawo opirira kutentha; imatulutsa gawo lochepa la mankhwala amene ali m'kati; ndipo sisungunuka, choncho wodwala amafunika opaleshoni yachiwiri yochotsa mikandayo, apo ayi mabakiteriya amadzamatirira pa iyo mankhwala akatha. Kwa mayi wa ku Thekerani kapena ku Chambe amene wasiya munda ndi ana ena kuti adikirire mwana m'chipatala, opaleshoni yachiwiri ndi ulendo wina, ndalama zina ndi milungu ina.

Zipangizo zosungunuka m'thupi zilipo kale m'mayiko ena. Cerament G wa ku Sweden ndi phala la magawo 60 a calcium sulfate ndi magawo 40 a hydroxyapatite lokhala ndi gentamicin, ndipo madokotala a ku Oxford analengeza mu 2016 kuti mwa odwala 100 a osteomyelitis amene anawachita opaleshoni imodzi n'kutseka bowo la fupa ndi phalali, 96 matenda anatheratu. PerOssal ndi timibulu ta hydroxyapatite wa nano ndi calcium sulfate timene dokotala amaviika m'mankhwala asanatiike m'fupa. Komabe owerenga azindikire chinthu chimodzi: mankhwala amene zipangizozi zimanyamula, monga gentamicin ndi vancomycin, ndi osungunuka mosavuta. Ntchito yonyamula mankhwala ovuta kusungunuka, imene ndi mutu wathu, yambiri idakali m'mbale za mu labotale ndi pa makoswe ndi akalulu. Nkhani zonena kuti njirayi yatsala pang'ono kufika m'zipatala zimathamanga kuposa umboni.

Zifukwa zake n'zomveka. Kashiamu amene amagwira mankhwala angawagwirenso mopitirira muyezo. Aliyense amene analandirapo ciprofloxacin anauzidwa kuti asamwere mkaka kapena mankhwala a chilungulira, chifukwa kashiamu ndi magnesium zimamanga mankhwalawo m'matumbo n'kuwalepheretsa kulowa m'magazi. Ndiye kuika ciprofloxacin pa ufa wa kashiamu n'kuupereka kuti munthu ameze ndi chinthu chofunika kuchiganizira kawiri, makamaka podziwa kuti asidi wa m'mimba amasungunula ufawo usanafike patali, n'kumasula kashiamu wambiri pamalo amodzi ndi mankhwalawo. Pali ofufuza amene amaukuta ufawo ndi zinthu zopirira asidi kuti ukatsegukire m'matumbo, koma pamenepo pali zonyamulira zina zosavuta ndi zotsika mtengo. Kwa ine malo enieni a ufa umenewu ndi m'fupa, m'nsagwada ndi pazitsulo zimene madokotala amamangira mafupa othyoka, kumene kufanana kwake ndi fupa kuli ndi ntchito.

Ngakhale m'fupamo katulukidwe ka mankhwala ndi kovuta kukalamulira. Amene ali pamwamba pa ufa amatuluka mwamkokomo m'maola oyambirira, ndipo mlingo wochuluka chotero ungapweteke maselo omanga fupa, makamaka ukakhala wa rifampicin kapena ciprofloxacin. Amene agwidwa mwamphamvu m'kati amatuluka pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, ndipo mlingo wake ukatsika pansi pa umene umalepheretsa mabakiteriya kuswana, otsalawo amaphunzira kupirira mankhwalawo. Vuto la mabakiteriya osamva mankhwala ndi lalikulu kale: kafukufuku wofalitsidwa mu The Lancet mu 2022 anapeza kuti linapha anthu 1.27 miliyoni padziko lonse mu 2019, ndipo mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara ndiwo anakhudzidwa kwambiri. Pa rifampicin chenjezo ndi lapadera, chifukwa kusintha kumodzi kokha m'chibadwa cha bakiteriya n'kokwanira kuti asamvenso mankhwalawa, ndipo n'chifukwa chake saperekedwa payekha pochiza matenda oterewa. M'dziko limene rifampicin ndi mzati wa chithandizo cha TB, ufa umene ungamamutulutse pang'onopang'ono m'thupi la munthu amene mwina ali ndi TB yosadziwika uyenera kuyesedwa mosamala kuposa mmene angauyesere ku Sweden.

Palinso zovuta za ufawo pawokha. Tizidutswa ta nano timakonda kuphatikana n'kupanga zibuma, ndipo tikatero malo aakulu aja amachepa. Maonekedwe ake nawonso ali ndi kanthu. Ku Japan kampani ya Sangi inayamba kugulitsa mankhwala otsukira mano okhala ndi hydroxyapatite m'zaka za m'ma 1980, koma komiti ya akatswiri ya European Union itaunika nkhaniyi mu 2023 inavomereza tizidutswa tooneka ngati timitengo tatifupi, n'kupatula tosongoka ngati singano chifukwa choopa kuti tingavulaze maselo. Ngati kusamala kotere kukufunika pa chinthu chongotsukira m'kamwa n'kulavula, kuli bwanji chinthu chokakhala m'fupa kwa miyezi? Kupha tizilombo m'ufa umene wanyamula kale mankhwala nakonso n'kovuta, popeza nthunzi yotentha imene zipatala zimaphikira zipangizo ingawononge mankhwalawo kapena kuwabwezera ku makristalo. Ndipo ufa uliwonse, ukhale wabwino chotani, sulowa m'malo mwa mpeni wa dokotala: fupa lakufa liyenera kuchotsedwa kaye, bowo litsukidwe mpaka pafupa lotuluka magazi, ndipo pamenepo m'pamene chonyamulira chimaikidwa.

Funso loti kodi zinthuzi zingapangidwe kuno limabwera lokha, chifukwa kashiamu sasowa. Zigoba za mazira zili ndi magawo opitirira 90 pa 100 a calcium carbonate, ndipo zikaotchedwa pa madigiri pafupifupi 900 zimasanduka laimu amene angayambire ntchito imene yafotokozedwa pamwambapa. Minga ya nsomba ndi mafupa a ng'ombe zimapereka hydroxyapatite mwachindunji zikatsukidwa ndi kuotchedwa. Ku Ndata m'boma la Thyolo kuli Malawi University of Science and Technology, imene inatsegulidwa mu 2014 ndipo imaphunzitsa uinjiniya wa zipangizo zachipatala ndi wa makemikolo, choncho kupanga ufa woyera m'botolo ndi ntchito imene wophunzira wakhama angaikwanitse. Mtunda wautali uli pakati pa botololo ndi mwendo wa mwana. Pamafunika makina oonera tizidutswa ta nano ndi oyezera timabowo, umboni woti mulibe mtovu, arsenic, cadmium kapena mercury wopitirira malire, umboni woti ufa wa lero ndi wofanana ndi wa mwezi wamawa, kuyesa pa nyama kenako pa anthu, ndi chilolezo cha bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA. Mtengo wa zonsezi umaposa kutali mtengo wa zigoba za mazira.

Chinthu china chimene chiyenera kuyendera limodzi ndi kafukufukuyu ndi kudziwa bakiteriya amene ali m'fupa la wodwala aliyense. Mankhwala a dilipi akalephera dokotala amasintha tsiku lotsatira, koma amene atsekeredwa m'fupa ndi kusokerera sangasinthidwe popanda kutsegulanso bala. Staphylococcus aureus ndi amene amapezeka kawirikawiri, koma mwa ana a matenda a sickle cell Salmonella amapezekanso kwambiri, pamene pamabala a ngozi zapamsewu pamakhala mitundu ingapo nthawi imodzi, ndipo aliyense amafuna mankhwala ake. Tizidutswa ta fupa totengedwa pa opaleshoni tiyenera kupita ku labotale yomeretsa mabakiteriya ndi kuyesa mankhwala amene angawaphe, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zimadalirabe malabotale a m'mizinda ikuluikulu pa ntchito imeneyi.